Filiza ya Azakhali ndi Kabuku ka Miyendo

Ndinasiya koleji m'chaka chachiwiri, Lachitatu, nditadya nkhomaliro. Za nkhomalirozi ndazitchula dala, chifukwa kutchalitchi kwathu kuli anthu amene mpaka lero amanena kuti ndinachita zinthu mopupuluma. Ayi ndithu. Ndinadya kaye, ndinatsuka kontena yanga, kenako ndinasiya unamwino. Chifukwa chake n'chimodzi: ndimanyansidwa msanga. M'mawa wa tsiku limenelo anationetsa chilonda cha munthu amene wagonera mbali imodzi kwa miyezi, ndipo pomwepo ndinazindikira kuti Mulungu anandiitanira ntchito ina, ngakhale sananene kuti ntchito yanji.

Apo n'kuti ndikukhala ku Bowie, kuno kutsidya kwa nyanja, kwa azakhali, achemwali awo a bambo anga, m'chipinda cha pansi pa nyumba. Azakhali anamvetsera nkhani yanga yonse osandidula, uku akusenda mbatata. Amuna awo, amene ndimawatcha ankolo, ankayang'ana kudenga ngati kuli nkhani ina yabwinoko.

"Pansipo ukhala," anatero azakhali, "chifukwa ndiwe mwana wa achimwene. Koma za kolejizi ndi manyazi oyamba. Tsiku limene udzandichititse achiwiri pamaso pa anthu, usadzadikire kuti ndikuuze. Udzangotenga chikwama."

Ndinavomera modzichepetsa kwambiri. Ndinalibe kwina kopita, ndipo aliyense amene anasakapo chipinda kuno akudziwa kuti munthu wongosiya sukulu amadzichepetsa popanda womuphunzitsa.

Ntchito ina ija inadzapezeka ku laibulale. Panja pa laibulale yathu pali chibowo cha chitsulo pakhoma, pomwe anthu amaponyapo mabuku akamabweza, ena osatsika n'komwe m'galimoto. Mabukuwo amagwera m'chibokosi cha mateyala mkati, ndipo wopisamo dzanja m'mawa uliwonse ndinali ine.

Kale anthu owerenga mabuku ndinkawalemekeza. Ndinkaona ngati ndi anthu osamba. M'chibokosi chija ndinapezamo mafupa a nkhuku, kapu ya khofi yosatha, sokosi imodzi yonyowa pomwe kunja sikunagwe mvula, ndi thewera lomangidwa mwaluso ngati mphatso. Munthu wina, posafuna kuiwala pomwe analekezera kuwerenga, anaika nyama yankhumba yokazinga pakati pa masamba a buku. Buku lake linali la malangizo a m'banja. Ndinafika poganiza kuti chilonda chija chinali ndi ulemu, chifukwa mwini wake sanachite kufuna.

Abwana anga anali mayi wa imvi, womwetulira ngakhale pokuuza zoipa. Tsiku lina anandipeza ndikutsuka m'manja kachitatu, nandiuza kuti pakufunika kakanema kakafupi kophunzitsa anthu kuti chibowo chija si dzala. Kakanemako kazioneka pa sikirini ya pakhomo ndi pa tsamba lathu la pa intaneti. Kampani yojambula sitingaikwanitse, anatero, koma iweyo unalemba pa fomu kuti umadziwa zojambula. Ndinalembadi. Ndinalembanso kuti ndimakonda kugwira ntchito ndi anthu. Fomu siikana chilichonse.

Ndinasankha katuni ya mapepala, chifukwa mapepala safuna malipiro ndipo sakana kubwereza. Kapangidwe kake n'kosavuta, kungoti kamafuna munthu wopanda anzake. Umadula tizidole, kutiika pamalo osalala, kujambula chithunzi chimodzi, kusuntha mwendo pang'ono kwambiri, kujambulanso, kusunthanso. Zithunzi khumi ndi ziwiri zimakupatsa sekondi imodzi. Ukazithamangitsa motsatizana, pepala limayenda.

Mwini filimu yanga anali kabuku ka miyendo iwiri ndi maso aakulu, kodulidwa ku katoni ya phala la m'mawa. Kabukuko kamabwerera kwawo mosangalala, kugwera m'bokosi, kenako fupa la nkhuku n'kukagwera pamutu, kenako khofi, kenako thewera. Pamapeto kamatulukamo kali kulira n'kuyang'ana woonera m'maso. Ndinkaona kuti ndi nkhani yozama. Foni ndinaimangirira ndi malamba ku choimikira maiki chothyoka cha kwaya ya azakhali, itayang'ana pansi. Nyale ndinatenga ya pa desiki. Chotsala chinali tebulo loyera, losalala, lotalika bwino loti msana usapweteke.

M'chipinda changa munali chinthu chimodzi chokha chotero: filiza ya azakhali.

Filiza imeneyi ndiyenera kuifotokoza mwaulemu. Inali yaikulu, yotsekula cha m'mwamba, yoti munthu wamkulu n'kugonamo osapinda maondo. Ya tsiku ndi tsiku inali filiji ya kukhitchini. Ya pansiyi ankaitsekula mwa apo ndi apo, chifukwa munali chuma. Aliyense wochokera kumudzi, kaya ndi mwana wa sukulu, kaya abusa, kaya a ku ofesi ya kazembe, ankabwera ndi kaphukusi ka chambo chowamba pakati pa zovala, ndipo kaphukusiko kankathera mmenemo. Mabanja okhala m'mafulati, opanda malo, ankasungitsanso zawo, jumbo iliyonse ili ndi dzina pa tepi. Munali nkhwani ndi chisoso za kuseri kwa nyumba, ndi ngumbi za ankolo m'kontena ya majarini.

Chaka chimenecho munali zoposa apo. Msuweni wanga, mwana wa azakhali, anali pafupi kuchita chinkhoswe ndi mnyamata wa ku Lusaka, ndipo azakhali anakhala akusonkhanitsa chambo chaka chathunthu. Ankafuna kuti a ku Zambia adzadye n'kukhala chete. Ankolo ndi anzawo anakaphanso mbuzi ziwiri kufamu ina kupitirira Upper Marlboro, n'kuzidula bwinobwino, zonse mmenemo.

Ine ndinangoona chivundikiro choyera. Ndinamatapo khoma la laibulale la pepala, kabokosi, ndi kamtengo, zonse ndi tepi kuti zisasunthe.

Vuto linali lakuti filiza imanjenjemera. Ikayamba kulira, tizidole timayenda tokha. Umaika dzanja la kabuku apa, ukamadina foni lapita apo, ndipo pa kanema kabukuko kamaoneka ngati kali ndi malungo. Choncho ndinapeza nzeru: pojambula ndinkazula pulagi, ndikamaliza n'kubwezera. Ola limodzi silisungunula mbuzi. Ndinachita zimenezi masabata awiri osaphonya, ndipo ndikufuna kuti zimenezinso zizikumbukiridwa.

Mu Ogasiti banja lonse linapita kumsonkhano wa mpingo kwa sabata yathunthu. Lolemba lake ndinagula nyale yachiwiri pa sitolo ya zinthu zakale, chifukwa mbali imodzi ya kabuku inkada. Soketi yapafupi inali imodzi, ya filiza. Ndinazula, ndinalowetsa nyale, ndinajambula. Kenako abwana anaimba kuti wina sanabwere kuntchito, ndithamange. Ndinazimitsa nyale ndi kabatani kake, n'kuthamanga.

Sabata imeneyo ntchito inayenda mokoma kuposa kale lonse. Ndikafika ndinkangodina mabatani a nyale ziwiri n'kuyamba. M'chipinda munali bata. Ndinkadziuza kuti ndiye luso likamakhwima zimakhala chonchi, munthu sumvanso phokoso la dziko.

Lachisanu ndinamva kafungo. Ndinaganizira nsapato, ndinazitulutsa panja. Loweruka m'mawa kafungo kanali katakula, kali ndi maganizo akeake. Ndinachapa zofunda. Ntchentche imodzi yaikulu, yobiriwira, inabwera n'kutera pa nkhope ya kabuku, ndipo ilipo ndithu pa chithunzi chimodzi, mukaimitsa kanemayo pamalo oyenera. Kenako ndinaponda ponyowa. Pansi pa filiza pankatuluka timadzi tofiirira, tamafutamafuta, tikulowa m'kapeti mwakachetechete. Ndinasuzumira kuseri. Pulagi inali gone pansi, pomwe ndinaisiya Lolemba.

Munthu wabwino akanatsekula pomwepo. Koma pa chivundikiro panali filimu yanga, itamatidwa, ndipo kunatsala masekondi khumi, pomwe kabuku kamatuluka m'bokosi kakulira. Kutsekula kukanagwetsa zonse, ndipo kuyatsa kukanayambitsa kunjenjemera kuja. Ndinaima n'kuganiza mozama ngati mkulu wa mpingo. Zimene zaola kwa masiku asanu, ndinatero, sizingaole mopitirira chifukwa cha maola awiri. Ndinapaka mankhwala a chimfine pansi pa mphuno, n'kumaliza filimu. Misozi ya kabuku ndinaidula ku pepala la buluu. Yanga inkatuluka yokha, chifukwa cha mankhwala aja.

Nditamatula zonse ndinakweza chivundikiro pang'ono, mpata wa dzanja. Sindidzafotokoza zonse. Majumbo anali atatupa ngati mimba. Nyama inali ndi mtundu umene nyama siyenera kukhala nawo, ndipo pansi pake zonse zinkasambira mu msuzi umodzi, mbuzi, chambo, nkhwani, mabanja onse ogwirizana. Fungo lake linali lofunda. Linandilowa m'kamwa n'kukhala pa lilime. Ndinatseka, ndinakwawa mpaka kubafa, ndinabweza chakudya cha tsiku limenelo ndi cha dzulo lake.

Kenako ndinachita chinthu chimene ndimachita nacho manyazi kuposa kuzula kuja. Ndinabwezera pulagi.

Filiza inalira usana ndi usiku. Ndinakolopa ndi mankhwala ochapira zimbudzi, ndinatsekula kawindo, ndinapopera zonunkhiritsa mpaka chipinda chinamveka ngati maluwa amene afera m'chimbudzi. Pofika Lolemba, pomwe azakhali ankatsitsa zikwama, zonse zinali zitaumanso gwa. Iwo anaima pamwamba pa masitepe, nanunkhiza, nati anyamata osakwatira ndi nyansi ndithu. Ndinavomereza.

Ndinali ndi masiku khumi ndi awiri oti ndinene. Tsiku lililonse ndinkakwera masitepe mawu ali okonzeka, n'kupeza azakhali ali pa foni akukambirana za nsalu ya chinkhoswe, kapena akuwerengera pa zala amene adzadye mutu wa chambo. Ndinkamwa madzi n'kutsika. Ndinkadziwa kuti ndikanena, chipinda chapita. Ndinayamba kuwerenga za tizilombo ta m'nyama pa kompyuta ya kuntchito, kufunafuna wophunzira mmodzi yekha padziko lapansi wonena kuti kuzizira kumakonza zoola. Sanapezeke. Zaka ziwiri za unamwino zija zinandikwanira kudziwa chimene mbuzi imeneyo ingachite m'mimba mwa nkhalamba.

Ku laibulale kanema anaikonda. Abwana anaionera kawiri, nati kulira kwa kabuku kukuchita kuoneka kuti kwachokera mumtima. Anaiika pa sikirini ya pakhomo. Tsiku lotsatira m'bokosi ndinapezamo theka la sangweji.

Loweruka, kutatsala sabata imodzi kuti chinkhoswe chichitike, ndinamva mapazi awiri pa masitepe. Azakhali ankatsika cham'mbali chifukwa cha maondo, ndipo pambuyo pawo panali mayi ake a mkwati, mayi wonenepa bwino wa magalasi, amene anayenda ulendo wonse kuchokera ku Virginia kudzaona zokonzekera. Ndinaimirira, ndinapereka moni wa manja awiri. Azakhali anandionetsa kwa alendo kuti ndine mwana wa achimwene awo amene akupumulako kaye sukulu.

"Bwerani muone, asewere," anatero. "Kuti musamadere nkhawa za ndiwo."

Anakweza chivundikiro. Kuzizira kunali kutaligwira fungo lija pakhosi, koma linkayesetsabe kulankhula. Azakhali anakwinya mphuno, nati ndi ngumbi za ankolo izi, akhala akuwauza. Anakoka jumbo ya pamwamba, inakana, anaikoka ndi manja awiri mpaka inathothoka ndi chidutswa cha ayezi wofiira. Unali mwendo wa mbuzi.

"Uwu mutenge. Mukawaphikire abambo kunyumba, alaweko."

"Iye, asebele, mwativutikira maningi," anatero mayi aja m'kalankhulidwe ka ku Lusaka. "Nizapika mailo, pa Sande. Bamuna banga bakonda mbuzi, olo madokota bakalesa."

Abambo amenewo ndinawaonapo kamodzi kutchalitchi. Ankayenda ndi ndodo, ndipo anali atangotuluka m'chipatala. Ndinayang'ana mwendo wa mbuzi uli m'manja mwa akazi awo. Ndinayang'ananso bedi langa, lomwe linali bedi labwino.

"Azakhali," ndinatero, "nyamayo musawapatse."

"Chifukwa?"

"Inaola. Zonsezo zinaola. Ndinazimitsa filiza masiku asanu muli kumsonkhano, kenako ndinayatsanso."

"Unazimitsa."

"Eya."

"Magetsi anathima?"

"Ayi. Ndinazula ndine. Imagwedeza zidole."

Mayi a ku Lusaka anayang'ana azakhali, anayang'ana ine, kenako anaika mwendo uja pansi pang'onopang'ono, n'kupukuta manja ku chitenje. Anafunsa motsitsa mawu ngati mwanayu ali che bwino m'mutu. Azakhali anayankha kuti ali bwinobwino, ndiye vuto lake. Anatseka filiza, anaseka kaphwete kamene sindinakamvepo chiyambire, naperekeza alendo awo m'mwamba kukamwa tiyi. Ndinamva makapu akulira kwa ola lathunthu. Sindinaitanidwe.

Galimoto ya alendo itachoka anatsikanso. Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa.

"Masiku khumi ndi awiri," anatero. "Ndimadutsana nawe pa khitchini, ukumwa madzi anga. Ukanandiuza tili awiri, bwenzi ndi nkhani ya m'nyumba. Wadikira mpaka asewere agwire ndi manja awo."

Ndinati ndinkaopa.

"Unkaopa ine, koma anthu makumi asanu kutsekula m'mimba pa chinkhoswe cha mwana wanga sunkaopa."

Ndinafuna kunena kuti pamapeto pake ndinaopa ndithu, ndiye chifukwa chake ndalankhula. Ndinaona kuti si nthawi yolandira mendulo.

Chilango anachikonza mwadongosolo. Zonse zinali zitagwirana kukhala chimwala chimodzi, choncho filiza inayenera kuzimitsidwanso kuti zisungunuke, ulendo uno mwa lamulo. Ine ndi ankolo tinaikokera ku galaja. Lamlungu titachoka kutchalitchi, dzuwa lili pamutu, ndinavala magolovesi n'kuyamba kutulutsa jumbo imodziimodzi. Azakhali anakhala pa mpando chapatali, nsalu ili kumphuno, foni ili m'manja. Jumbo iliyonse ndinkaipukuta, kuwerenga dzina mokweza, iwo n'kuimba nambala, kundipatsira foni pa sipika kuti ndifotokoze ndekha.

Ndinafotokoza kasanu ndi kawiri. Palibe chinthu chovuta kuchinena m'Chichewa chaulemu ngati chakuti nsomba zanu zinaola chifukwa ndinkajambula buku la miyendo. Ena ankangoti chabwino, mwa mtundu uja wa chabwino. Mayi wina anandifunsa kuti katuniyo ikuoneka pa tchanelo chanji. Bambo wina wa ku Silver Spring anati chambo chimenecho anawamba ndi mayi awo, ulendo womaliza umene anawaona, ndipo ankachisunga osadziwa kuti akuchisungira chiyani. Anati ndisadandaule. Apo ndinalibe nthabwala, ndipo ndilibe mpaka pano.

Jumbo ina inaphulika ndikuinyamula. Zinandithira kuyambira pachifuwa mpaka m'nsapato. Ankolo anati ndivulire konko, m'nyumba ndisalowe nazo, nanditsira madzi a paipi yothirira kapinga ngati galimoto. Aneba oyera a kutsidya kwa msewu anatuluka, anaima pang'ono, nabwerera m'nyumba n'kutseka mawindo.

Zinyalalazo sizikanadikira tsiku la galimoto ya zinyalala. Tinazikweza m'galimoto ya ankolo Lolemba m'mawa kupita nazo kudzala la boma, ndipo majumbo awiri anadontha m'njira.

Chinkhoswe chinachitika. Panali nsomba za m'sitolo ya Akoreya ndi nkhuku yambiri. Anthu anadya, nati zakoma, ndipo aliyense amene ankati zakoma ankandiyang'ana ine. Nkhani inali itafika kale ku Lusaka ndi ku Lilongwe. Msuweni wanga anandiyandikira atavala zake zonyezimira, nandinong'oneza m'Chingerezi kuti ndine chitsiru koma zikomo posapha apongozi ake. Ndinagwira ntchito yonyamula mipando.

Sindinadikire kuuzidwa. Mnzanga wina wa kuntchito anandipezera kachipinda ku Annandale, m'nyumba ya mayi wina wokalamba wa ku Vietnam, kutali ndi laibulale mabasi awiri ndi sitima. Ndisanachoke ndinamatula kapeti yense wa pansi paja, poti azakhali anati chikwama chokha sichikwanira. Potsanzika ndinagwada pa khomo la khitchini. Iwo anati kiyi ndisiye pa tebulo, ndipo bambo anga awauza okha, ine ndisayerekeze, ndingakometse nkhani.

Ankolo anandiperekeza. Tinayenda msewu waukulu wonse mawindo ali otsekula, mphepo ikutimenya kumaso, chifukwa mipando ya galimotoyo inali isanaiwale majumbo aja. Pafupi ndi mlatho anandifunsa ngati zidolezo zimalipira. Ndinati ayi. Anagwedeza mutu ngati ndawatsimikizira chinthu chimene ankachidziwa kale, nakweza wailesi.

Mayi a nyumba anatilandira pa khonde. Anayang'ana chikwama changa, choimikira maiki, ndi nyale ziwiri. Kenako anandiyandikira, nanunkhiza phewa langa mosabisa, nati lamulo la nyumba yawo ndi limodzi: m'chipinda saphikiramo nsomba. Ndinawauza kuti asade nkhawa, nsomba ndinasiya kudya.